Chitini cha Makona Khumi ndi Awiri

Mundikhululukire, owerenga, chifukwa cholimba mtima kugwira cholembera. Ine si wolemba nkhani. Ndine mphunzitsi wa masamu chabe, ndipo zazitali zimene ndinalembapo chibadwire ndi za pa bolodi, zofufuta belu likalira. Tsamba loyambali ndalilemba n'kuling'amba kangapo, poopa kunamizira munthu amene sangathenso kudziyankhira. Koma mayi wamasiye amene anandifotokozera zambiri mwa izi anandiuza kuti, “Lembani, mwanawe. Mukapanda kulemba inu adzalemba ena, ndipo adzangolemba za thumba lokhalokha.” Choncho ndalemba. Pamene muone kuti nkhani yakokomezeka, dziwani kuti ndaisiya mmene anandipatsira eni ake.

Munthu wake ndi malemu a Chithumba, amene ndinalowa m'malo mwawo pa sukulu yathu. Dzina lenileni anali nalo, koma linangotsala pa chiphaso. Aliyense amene anakulira kuno akuidziwa nthenda yawo: sankatha kuona chinthu osachiika m'gulu. Inu mukaona chitini cha mkaka, iwo ankaona silinda. Inu mukaona lalanje, iwo ankaona mpira wopanda kona ngakhale imodzi. Ndipo chinthucho akachikonda, ankachibwereka. Kubwereka kwake kunali kwa ulendo umodzi. Chinthu chikalowa m'thumba lawo lalikulu lachiguduli, mwini wake ankangochitsanzika.

Ankaphunzitsa ana a makalasi apakati, a msinkhu wovuta uja woti ubwana wawathera koma ukulu sunawafike. Phunziro lawo lotchuka linali lozindikira matupi a zinthu ndi kuwagawa m'magulu. Sankajambula pa bolodi. Ankangofika m'kalasi, thumba phi! pansi.

“Iwe wa kumbuyo, amene ukubisala kuseri kwa mnzako. Bwera. Tsinzina. Pisa dzanja.”

Mwana ankapisa mwamantha, pakuti panali mbiri yoti m'thumbamo mumakhala khoswe.

“Wagwira chiyani?”

“Chitini, aphunzitsi.”

“Ndakufunsa ntchito yake? Chitini ndi ntchito. Ine ndikufuna thupi. Pamwamba pake pali bwanji?”

“Pozungulira.”

“Kumatako?”

Kalasi yonse inkaphulika ndi phwete.

“Mukuseka chiyani? Botolo lili ndi matako, poto ali ndi matako, inunso mwakhalira omwewo. Yankha iwe!”

“Kozunguliranso, aphunzitsi.”

“Makona angati?”

“Palibe.”

“Chigubuduze!”

Chitini chinkayenda pansi mpaka pakhomo, ana n'kukuwa pamodzi kuti, “Silinda!” Pamenepo a Chithumba ankachitola, n'kuchikweza m'mwamba ngati khanda, maso ali ngwee, n'kunena mawu awo aja: “Chokongola! Taonani kukongola kwake!”

Belu likamalira pansi pankakhala milu itatu. Mulu woyamba unali wa zogubuduzika. Wachiwiri unali wa zimene mutu ndi matako n'zofanana, monga mabokosi, zimene ankazitcha mapulizimu. Wachitatu unali wa mapiramidi, zimene nkhope zake zimakakumana pa nsonga imodzi. Mwana akaika chinthu pa mulu wolakwika sankamukwapula. Ankangomupatsanso chinthucho n'kumuuza kuti, “Diso lako laona kutsogolo kokha. Tsinzina, dzanja lifike kumbuyo.”

Ana ankawakonda. Makolo ankawakonda, ngakhale aja analandidwa zitini. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaliyang'ana thumbalo ndi diso lofiira, ndipo ameneyo anali mkazi wawo.

Mayiwa ndi telala, telala woti akakuyang'ana kamodzi wadziwa kale muyezo wa m'chiuno mwako. Ine ndiwatchula Mayi Telala, chifukwa anandilamula kutero. Koma m'misewu monse ankadziwika kuti akazi a Chithumba, ndipo dzinali linkawabaya ngati singano yoiwalika m'chovala.

“Mukumva mmene akunditchulira?” ankatero. “Sindine mkazi wa munthu ine. Ndine mkazi wa thumba. Ngakhale dzina linandilanda.”

Ndipo anali ndi zifukwa. Thumbalo linali ndi mpando wakewake pabalaza, woti mlendo sakhalapo. Mvula ikawapeza panjira, ambulera inkapita kwa thumba.

“Bambo, ndikunyowa ine!”

“Pepani mayi, m'menemu muli za katoni. Inu mukanyowa mumauma.”

M'nyumba zinthu zinkasowa chimodzichimodzi ngati mano a nkhalamba. Kabokosi ka mchere kanapita. Chivundikiro cha ketulo chinapita. Tsiku lina Mayi Telala anakhala pa makina kuti amalize diresi la kasitomala, n'kupeza ulusi palibe.

“Bambo, ulusi wanga wofiira uli kuti?”

“Uli apo pa tebulo. Ndaukulunga bwinobwino pa kamtengo.”

“Nanga chimene unakulungidwapo?”

“Koni ameneyo, mayi, ankangovutika pansi pa ulusi. Ana sanamuonepo. Taonani!” Anamutulutsa m'thumba n'kumukankha pansi. Koni uja, poti mbali imodzi ndi wonenepa ina wowonda, anazungulira n'kubwerera pa mapazi awo. “Mwaona? Sapita kutali. Amazungulira n'kubwerera pomwe anachoka. Ngati ine.”

“Inu mumabwerera chifukwa mwakumbukira kuti m'nyumba muno mwatsala zinthu.”

Koma nsanje yeniyeni inayamba ndi mayi wa nyumba yoyandikana nawo, amene makutu ake ankafika kutsidya kwa msewu. Anabwera ndi siketi yoti aifupikitse, siketi yoti inali yaifupi kale.

“Anzanga, ine sindipasula mabanja,” anayamba motero. “Koma bambo akwanu akaweruka amakhotera kwa mayi uja wogulitsa mafuta ophikira. Dzulo ndawamva ndi makutu angawa. Akuti chibadwire sanaonepo chokongola chotere.”

Mayi Telala anazimitsa makina. Kunena zoona, ndipo anandiuza okha, mumtima munabwera kachimwemwe. Pamapeto pake apeza mdani wa miyendo iwiri, woti n'kumukoka tsitsi. Anavala nsapato zosaterereka n'kuuyatsa ulendo, sizasi ali nayo m'manja osadziwa.

Anawapezadi. Bambo anali atawerama pa tebulo la mayi wa mafuta, nkhope pafupi ndi dzanja la mayiyo, akupuma ngati munthu wakwera phiri.

“Taitembenuzaninso pang'ono,” ankachonderera. “Eee! Pamwamba koni, pansi kasilinda. Matupi awiri m'chinthu chimodzi! Chokongola!”

Ankanena fanulo yothirira mafuta m'botolo.

Mayi wa mafuta ataona sizasi anakweza manja. “Achemwali, mwabwera bwino. Atengeni amuna anu. Sabata yonse akundithamangitsira makasitomala. Ine ndinkayesa akufuna ine, mpaka ndinayamba kudzola milomo. Kani akufuna fanulo!”

Akazi awiriwo anayang'anizana, wina ndi sizasi, wina ndi milomo yofiira, onse ogonja kwa kachitsulo ka mafuta. Pobwerera kunyumba Mayi Telala analira njira yonse, bambo akutsatira pambuyo ndi fanulo m'thumba.

“Mukuliranji mayi? Mwaona nokha kuti palibe mkazi.”

“N'chimene ndikulira! Akanakhala mkazi ndikanamumenya. Fanulo ndiichite bwanji?”

Tsopano ndifike pa chitini, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

M'nyumbamo munatsala chinthu chimodzi chimene thumba linali lisanameze. Chinali chitini chakale cha mabisiketi, chobiriwira, cha maluwa ofufutika, chimene Mayi Telala anapatsidwa ndi mayi awo pokwatiwa. Ankasungiramo mabatani. Chitini chimenechi sichinali chozungulira, sichinalinso bokosi wamba. Chivundikiro chake chinali ndi mbali zisanu ndi imodzi, kumatako chimodzimodzi. Ndawerenga ndekha mosamala, kawiri: nkhope zisanu ndi zitatu, makona khumi ndi awiri. Pa mulu wa mapulizimu a Chithumba anali ndi a mbali zitatu, zinayi, ngakhale zisanu. Wa mbali zisanu ndi imodzi analibe, ndipo m'dera lonse munalibe chitini china chotero.

Ankachiyang'ana pa shelefu ngati galu woyang'ana m'butchala.

“Mayi, tsiku limodzi lokha. Ana akangochigwira, chibwerera.”

“Ngati mchere uja unabwerera?”

“Koma anawo akula osagwirapo pulizimu wa mbali zisanu ndi imodzi!”

“Pensulo ili ndi mbali zingati?”

A Chithumba anadzidzimuka, chifukwa funsolo linali lanzeru. “Pensulo ndi yowonda, mayi. Mwana sangamve nkhope zake. Komanso akangoisongola yasanduka china. Koma ichi! Taonani mmene chakhalira, mbali zonse zofanana, makona akuthwa bwino. Cho...”

“Malizani.”

“Chokongola,” anamaliza motsitsa mawu.

Mayi Telala anatsitsa chitinicho pa shelefu n'kuchifungatira pachifuwa. Anali atakhala m'banja zaka zambiri, atabereka, atasoka malaya onse amene bamboyo ankavala, koma mawu amenewo anali asanawamvepo akulunjika kwa iwo.

“Mverani bambo. Tsiku limene mudzandiyang'ane ine mmene mumachiyang'anira chitinichi, mudzachitenga. Mpaka tsikulo, chikhudzeni muone.”

A Chithumba anaona ngati ntchito yaphweka. Madzulo omwewo, pa chakudya, anaika supuni pansi n'kuyamba kuwayang'anitsitsa akazi awo. Anatuzula maso ngati munthu watsamwidwa ndi fupa pakhosi.

“Mwatsamwa?”

“Ayi, ndikukuyang'anani.”

Mayi Telala anangotambasula dzanja n'kusuntha chitini pa shelefu pang'ono pokha. Maso a bambo anachitsatira okha, ngati a mphaka.

“Mwalephera. Idyani.”

Ulendo wina anayesa njira ya mawu. Anakonzekera tsiku lonse, n'kufika pakhomo atathira mafuta onunkhira.

“Mayi, ndakhala ndikukuganizirani. Mutu wanu ndi wozungulira bwino kwambiri. Kukanapanda makutu ndi mphuno, bwenzi uli mpira weniweni.”

Tsiku limenelo anadya okha, thumba litakhala pa mpando moyang'anizana nawo.

Ataona kuti zavuta anapanga chitini chawochawo cha katoni, akuyeza cha akazi awo ndi maso ali patali. Chinawatengera masiku. Tsiku loyamba kupita nacho ku sukulu, mwana wina wonenepa anachikhalira. Anabwera nacho kunyumba chaphwatalala ngati kalata, n'kuchiika pa tebulo kuti mwina chisoni chigwira ntchito. Mayi Telala anachiyang'ana, n'kuikapo poto wotentha.

Choopsa kwambiri chinachitika pa ukwati wa mwana wawo wamkazi. Mayi Telala anadzisokera diresi la buluu limene anthu akulikumbukirabe. Analisoka kwa miyezi, akuti mwina tsiku limenelo bambo aona. Atatuluka nalo kuchipinda, akazi anzawo anakuwa. Bambo anati, “Mwachedwa, mayi, galimoto ikudikira.”

Ku holo, nthawi yodula keke itakwana, a Chithumba anaimirira mwadzidzidzi.

“Dikirani! Musadule!”

Oimba anasiya. Mkwati anatuwa. Anthu anayesa kuti bambo a mkwatibwi ali ndi chifukwa choletsera ukwati.

“Ana onse a sukulu amene muli muno, bwerani kutsogolo. Mukuona chiyani?”

“Masilinda atatu, aphunzitsi!” anakuwa ana, ena mwa iwo a ndevu kale.

“Osanjikizana! Wamkulu pansi, wamng'ono pamwamba! Chokongola! Dulani tsopano, mkamwini, koma mudule mowongoka, tione chimene chituluke.”

Holo yonse inaomba m'manja. Anthu akuisimbabe nkhaniyi ngati yosangalatsa. Mayi Telala saisimba motero. Anakhala pa tebulo la makolo m'diresi lawo la buluu, akuyang'ana keke ija ndi chidani chimene keke sinaonepo. Atawapatsa chidutswa chawo anachidya chonse, pang'onopang'ono, akutafuna ndi mano akutsogolo.

“Ndinkafuna imve kuwawa,” anandiuza.

Pofika kunyumba anatenga chitini chija n'kuchichotsa pa shelefu ya pabalaza. Anachiika pa makina osokera, pafupi ndi dzanja lawo lamanja, pomwe pankakhala sizasi. Chinakhala pamenepo zaka zonse zotsatira. Ana a sukulu ankachidziwa osachionapo, chifukwa chaka chilichonse a Chithumba akafika pa mulu wa mapulizimu ankasiya mpata pansi, n'kuzunguliza choko pamalo opanda kanthu.

“Apa pakhala chinthu china,” ankatero mwachisoni. “Chilipo. Ndimachiona tsiku lililonse. Koma mwini wake ndi wovuta.”

Ana ankakanena kwawo, makolo n'kumadzafunsa ku makina. “Akazi a Chithumba, bwanji osangowapatsa aphunzitsi kachitiniko? Ndi za ana athu izi.”

“Mukufuna ndikusokereni, kapena mwabwera kudzayankhulira thumba?”

Motero anthu anayamba kunena kuti mayiwa ndi ouma mtima. Palibe amene ankadziwa pangano lija. Akanalinena bwanji? Mkazi wamkulu, wa zidzukulu, angauze anthu kuti akupikisana ndi chitini cha mabisiketi?

Kenako a Chithumba anapuma pa ntchito, ndipo matenda a shuga anayamba kuwatseka maso. Poyamba ankangoona ngati kuli chifunga. Pambuyo pake chifungacho chinasanduka khoma. Anthu ankayesa kuti thumba lapuma, koma ayi. Ana ankabwera okha pakhonde akaweruka, ndipo phunziro linkapitirira. A Chithumba ankachita nthabwala kuti tsopano aposa ana onse, chifukwa iwo safunikanso kuuzidwa kuti atsinzine.

Mayi Telala ankamva zonsezi ali pa makina, kuseri kwa zenera. Poyamba ankati zawakwanira. Koma tsiku lina zinawafika pamtima: munthu wosaona angakwaniritse bwanji pangano la kuyang'ana? Tsiku limene ankalidikira lija linali litapita ndi maso a bamboyo. Chitini chinapambana osamenya nkhondo. Anachiyang'ana pomwe chinakhala, chobiriwira, chodzikuza, ndipo anafuna kuchiponya m'chimbudzi.

Masana ena ana atabalalika, a Chithumba anatsala okha pakhonde, manja ali pa mawondo, opanda chogwira. Anali ataonda, malaya akulendewera m'mapewa. Mayi Telala anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyamula chitini n'kutuluka, mabatani akuchita phokoso m'katimo.

Bambo anatembenuza mutu nthawi yomweyo. Phokosolo ankalidziwa ngati mawu a mwana wawo.

“Mayi?”

“Musayankhule. Sindikukupatsani. Mungochigwira, chili m'manja mwanga. Mukachikoka ndikuwa.”

Anagwada patsogolo pawo, atachigwira mbali zonse ziwiri. Manja a bambo anabwera akupapasa. Anafika pa chivundikiro. Chala chinayenda m'mphepete, chikuima pa kona iliyonse, milomo ikuwerenga chamumtima. Mayi Telala anayang'ana kumbali kuti asaone nkhope ya mwamuna wawo ikuwalira chinthu china.

Chala chija chinatsika m'mbali mwa chitini, n'kugunda chala chawo. Chinaima.

“Ichi n'chiyani?”

“Chala changa. Chilambalaleni.”

Sanachilambalale. Anachigwira n'kuchitsata kuyambira ku chikhadabo mpaka pa mfundo.

“Chinapindika liti?”

“Kalekale. Ndi sizasi.”

“Nanga apa pouma ngati chikopa?”

“Singano. Mumayesa malaya anu ankadzisoka okha?”

Dzanja la bambo linachoka pa chala n'kukwera pa mkono, pa phewa, mpaka pa tsaya. Linalo linasiya chivundikiro n'kutsatira. Anayenda ndi zala pa chipumi, m'makwinya a m'mbali mwa maso, pa kachipsera ka pachibwano kamene mayiwo anagwa nako ali mtsikana. Ankapita pang'onopang'ono, kubwerera, kuyambiranso, monga ankachitira ndi chinthu chimene sanachigwirepo. Mpweya wawo unasintha, n'kukhala uja wa pa tebulo la mayi wa mafuta.

Mayi Telala anaiwala kuti agwira kanthu. Chitini chinagwa pa simenti, chivundikiro uko, mabatani mbwee khonde lonse, ena mpaka mu ngalande.

Apa ndiye pamene mayiwa amaimitsa nkhani n'kukweza chala, kuti womvera amvetse bwino. Chitini chinagwa ndi phokoso loti agalu anauwa. Bamboyo sanatembenuze mutu. Manja sanachoke pa nkhope.

“Mayi,” anatero. “Ndilibe mulu woti ndikuikenipo. Zaka zonsezi chinthu chotere chili m'nyumba mwanga, ine n'kumatola zitini m'misewu. Chokongola. Taonani kukongola kwake.”

“Wokongola,” anawakonza Mayi Telala, misozi ikulowa m'zala za bamboyo. “Ndine munthu ine.”

Anakhala choncho kwa kanthawi, wina pa mpando, wina chogwada pakati pa mabatani. Kenako a Chithumba anakhosomola pang'ono.

“Koma mwamva, mayi?”

“Chiyani?”

“Chagwa, koma sichinagubuduzike. Pulizimu weniweni.”

Anawamenya ndi chivundikiro pa bondo. Koma mawa lake ana atabwera, anapeza pa mulu wa mapulizimu palibenso mpata. Mayi Telala anali atakhala pambali ndi nsalu yawo, akuyang'anira. “Ndi manja awiri, iwe! Si cha thumba chimenecho, ndi changa. Ndangobwereketsa.”

Ndinawafunsa ngati amaona kuti anapambana. Anaganiza kaye. “Ndinapambana,” anatero. “Pang'ono. Anadikira kaye asananene za kugubuduzika. Kwa munthu uja, kudikira kumeneko kunali kwakukulu.”

A Chithumba anatisiya chaka chomwecho mvula isanayambe. Pa maliro panadzaza anthu amene anapisapo dzanja m'thumba lija: madalaivala, anamwino, amakaniko, mayi wa mafuta. Ena mwa ophunzira awo akale anabwera kwa mayi wamasiye ndi ganizo limene ankaliona ngati laulemu, lakuti thumba liikidwe m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Mayi Telala anapukuta misozi, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

“Ligone pambali pawo? Mpaka kalekale? Malo amenewo ndi anga. Litengeni lipite ku sukulu.”

Masiku ano kuno zinthu zimakhala pomwe mwazisiya. Mukaiwala chitini pakhonde, mawa mudzachipeza. Mayi wa mafuta anagula fanulo yatsopano, ndipo akuti imangothira mafuta basi, palibe woiyamikira. Pa maukwati keke imadulidwa mwakachetechete, mopotoka, popanda wodandaula. Chitini ndi chitini, bokosi ndi bokosi. Sindinkadziwa kuti dera lingakhale ndi katundu wake yense n'kumaoneka lopanda kanthu.

Thumba lija lili kuseri kwa kabati mu ofesi ya aphunzitsi. Chifikireni pa sukuluyi sindinalikhudze. Ine ndimajambula pa bolodi ndi rula, mizere yobisika ndimaiika timadontho, ndipo zojambula zanga n'zolondola. Ana amakopera mwaulemu, n'kumandiuza kuti azikulu awo ankaphunzira zimenezi akuseka. Mawu amenewo amandiwawa kuposa mmene ndingalembere pano, ndipo ndikamadutsa pa kabati paja ndimawamvetsa Mayi Telala.

Tsiku limene ndinapita kukawawerengera zimene ndalembazi, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundikonza malo awiri. Diresi ndinali nditalemba kuti linali lobiriwira. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini, chopanda mabatani, kona imodzi itaphwanyika pang'ono pomwe chinagwera.

“Ndikubwereketsani,” anatero. “Koma chisalowe m'thumba. Chiziyenda pachokha, m'manja. Muli pabanja, mwanawe?”

“Eya, mayi.”

“Akazi anu avala chiyani lero?”

Ndinatsegula pakamwa. Ndinkadziwa kuti chitini chimene chinali m'manja mwanga chili ndi nkhope zisanu ndi zitatu ndi makona khumi ndi awiri. Za chovala sindinkadziwa.

Choncho ndatsimikiza mtima. Lolemba rula itsala m'kabati. Ndikakutumula fumbi pa thumba lija, ndikaliponya pansi pakati pa kalasi, ndipo woyamba kutsinzina ndi kupisa dzanja ndikhala ine, kaya muli khoswe kaya mulibe. Chitini ndidzachinyamula m'manja monga ndalamulidwa. Koma ndisanatuluke pakhomo m'mawa umenewo ndidzachiika kaye pansi, ndiyang'ane mkazi wanga. Ndipo mvula ikagwa, ambulera ndi yake.